Foni pa Mpando, Bambo pa Njerwa

Lolemba, 4 Sepitembala 2023

Nomsa wakhoza JC. Chisamba changa, Fomu 3. Amake kululutira mpaka nkhuku kubalalika. Ine kunamizira ngati sizikundikhudza.

Tsopano nkhani yosankha maphunziro. A Paison, ahedi a pa sekondale yathu yoyendera, akuti mwana asankhe msanga: sayansi, kapena mbali ya Hisitole, Jogalafe ndi Baibulo. Chimene wasankha panopa ndicho chidzamutsegulire kapena kumutsekera khomo la yunivesite. Koma Fizikisi ndi Kemisitiri pano palibe. Mphunzitsi wake anasamuka chaka chatha, mu labu akusungiramo makasu. Wofuna sayansi apite ku Boma, akakhale komweko.

Wanga atenge Hisitole. Pakamwa pake mpa loya. Ndipo azigona pakhomo. M'mudzi muno munthu amene amandimvetsera mpaka ndimalize chiganizo ndi iye yekha.

Lachitatu, 6 Sepitembala

Uthenga wa mawu kuchokera ku Joni. Alamu anga a Redson, achimwene a mkazi wanga, eni mbumba. "Mwanayo ndi dokotala. Apite ku Boma. Ndanena." Basi. Moni osapereka.

Munthu wolekeza Sitandade 6. Zaka zonsezi akulondera magalimoto a eni ake panja pa sitolo, koma ukawamva ungati anthu a mu Joni samwa mankhwala asanawafunse iwo.

Ndinati kwa amake Nomsa, mwanayu ndi wanganso. Iwo: "Wanu inde, koma mudzi uno si wanu." Akusenda kachewere, osadzutsa ndi mutu womwe. Nyumba ndinamanga ine. Dimba ndinaswa ine. Chimbudzi cha apongozi ndinakumba ine, kawiri. Pa za mwana: mkamwini, dikirani akulu alankhule.

Loweruka, 9 Sepitembala

Msonkhano wa banja. Pa chulu cha kuseri kwa khola, poti netiweki imagwira pokhapo. Anatulutsa mpando wakhushoni wa pabalaza, nkukhazikapo foni, kuitsamiritsa ku Baibulo. Ine anandipatsa njerwa. Mkazi wanga kugwada popereka moni kwa foni yong'aluka galasi. Ndinayang'ana mbuzi. Nazonso zimandiyang'ana.

A Redson, nkhope ili pa galasi, analankhula mpaka batire kutentha. Madokotala a kumeneko galimoto ziwiriziwiri. Nomsa akakhala ndi akazi awo a Janeti m'nyumba yawo ya ku Boma, fizi ndi iwo. Kenako: "Hisitoleyo adzadya? Alamu anakhoza Hisitole, lero ali pati?"

Pa njerwa, alamu.

Onse kuseka, ndi apongozi omwe, mano awo awiriwo poyera. Zoona, Hisitole ndinakhoza kuposa aliyense m'kalasi mwathu. Mpaka pano ndikamapopera kachewere ndimatha kutchula mayiko onse amene anagawana Africa ku Berlin. Mbozi sizichita nazo mantha.

Ndinali nditakonza mfundo zanga. Nditangoti "Choyamba," netiweki yathawa. Anthu nkunyamuka ngati ansembe anena kuti pitani mu mtendere. Mpando anaubweza m'nyumba, foni ili pomwepo.

Nomsa palibe anamufunsa. Anabweretsa madzi akumwa, nkukaima pa khola, manja kumbuyo. Mwana wanga akumugulitsa ndili pompo.

Lachiwiri, 12 Sepitembala

Kwa a Paison. Ananditsekera chitseko ngati ndabwera ndi za boma. Ali mbali yanga, koma osati chifukwa chondikonda: "Ana onga Nomsa akamachoka, pa zotsatira za Fomu 4 tidzaonetsa chiyani?" Ananditchulira ana amene anathamangira sayansi ku Boma nkubwerako manja lende. Mmodzi akugulitsa tchipisi pa Nsipe. Wina anabwera ndi mwana kumbuyo, Kemisitiri yake imeneyo.

Koma chachikulu ichi: kalata yosamutsa mwana salemba popanda kholo kubwera lokha kudzasaina. Pa sukulu dzina lolembedwa ndi langa. "Foni sisaina, bambo Nomsa."

Pobwera ndinapalasa njinga ngati mnyamata. Boma lokha ndilo likudziwa kuti mkamwini ndi bambo. Ndinagula mandasi, ndinadya ndekha panjira.

Lachinayi, 14 Sepitembala

Kudimba ndi Nomsa, kuthirira. Ndinamuuza asade nkhawa, ine sindisaina, amalume ake akalipe mpaka mayunitsi awathere.

Anatula kheni pansi. Maso pa mzere. "Ababa, mundikhululukire, koma nkhondo mukumenyayi sindinakutumeni."

Kani amene anaimbira a Redson ndi iyeyo. Mwezi wa Julaye, pa chulu chomwecho, pa foni ya amake. Fizikisi akuifuna yekha. Anadziwa kuti pakhomo pano mawu sagwira ntchito mpaka atazungulira ku Joni, ndiye anawatumiza ku Joni. Bingu lonse lija, chala chikuloza pa galasi, "ndanena" uja, wowatuma ndi kamtsikana kothirira kachewere.

Ndinati udokotala wa chiyani, iwe woopa ndi jakisoni yemwe. Akuti sakufuna udokotala. Akufuna uinjiniya wa magetsi. Mapampu a dzuwa, mawaya, zotero. "Amalume asiyeni azinena dokotala mpaka ndilembe Fomu 4. Posankha za ku yunivesite sadzakhalapo."

Nanga bwanji sunandiuze ine, bambo ako?

"Ndinayesa. Munandiuza za Berlin."

Tinamaliza mizere yotsala. Madzi mu chitsime atsika kwambiri. Kheni yanga ikudontha pa chogwirira.

Lachisanu, 15 Sepitembala

Kudimba sindinapite. Mutu.

Amake Nomsa anabweretsa phala, nkukhala pakhomo. "Mwanayu watengera inu. Kuuma mutu, kudziwa zonse." Sindikudziwa ngati kunali kundipepesa.

Mphamvu ndili nayo. Dzanja langa lomweli. Ndikangokhala phee, mwana sachoka. Koyamba m'mudzi muno chinthu chikudikira ine, ndipo ntchito yake ndi yotsekera mwana wanga chitseko.

Lachiwiri, 19 Sepitembala

Ndasaina. Cholembera cha a Paison chinakana kawiri, anachita kuchipumira mpweya monyinyirika, mwina amayembekeza kuti ndisintha maganizo. Atero: "Nanunso mwagonjera Joni?" Ndinati eya. Nchosavuta kuposa kufotokoza.

Madzulo uthenga wina: "Mwaona alamu, mukamamvera zinthu zimayenda." Akuti ayamba kale kufunsa mitengo ya chija madokotala amapachika m'khosi. Afunse. Ndinayankha kuti zikomo, Mulungu awadalitse. Zaka ziwiri zikubwerazi ndidzakhala ndikuwathokoza chomwechi, ndi mtima wonse. Tsiku lodzamva iwo za uinjiniyalo ndikufuna ndidzakhale pafupi ndi foni. Ngakhale pa njerwa.

Lamulungu, 24 Sepitembala

Tikuchoka ku Misa, molunjika ku msewu. Matiresi pa njinga, thumba la kachewere la a Janeti, ndowa, chikwama. Amake malangizo njira yonse: anyamata a ku Boma, kudzuka m'mawa, usamayankhe azakhali ako. Ine ndinali nawo mawu anga, abwino, ndinawakonza dzulo. Minibasi inafika pa siteji yathu ya Mlangeni ndisanayambe. Kondakitala: "Madala, mukwera kapena mukungotsanzika?" Matiresi anaipinda ngati chitumbuwa nkuikankhira ku buti.

Nomsa pa windo: "Ababa, kheni ija mukawotcheretse, ikutayitsa madzi." Ndiwo mawu otsanzika a injiniya.

Njinga yopanda katundu imapepuka moipa.

Pakhomo zonse m'malo mwake. Ang'ono ake a Nomsa ku mpira. Azilamu pa khonde la apongozi, nkhani zawo zimene zimaduka ndikamadutsa. Ndinatsegula wailesi, nkhani zamadzulo, nduna ina ikulonjeza ma labu m'sekondale zonse. Ndinaseka, nkuitana: Nomsa, tabwera udzamve bodza ili!

Anayankha ndi apongozi, kuseri kwa mpanda: "Mukuti chiyani, akamwini?"

Ndati palibe, amayi. Ndi wailesi