Malo a Khumi pa Mndandanda wa Mabuku

KOMITI YA MABUKU A KOSI YA ALANGIZI A AKAIDI NDI ODWALA MATENDA A MAGANIZO

Tsiku: Loweruka, 13 Epulo 1996
Malo: Chipinda cha mabuku, ku Chezi
Analipo: Abusa Yoswa Kamtengeni (Wapampando), a Isake Malizani, mphunzitsi wopuma, Mayi Kristina Kadzakumanja, namwino, a Gregorio Kapatamoyo, amene ankagwira ntchito kundende, Mayi Eleanor Chimkombero (Mlembi)
Anapepesa: a Agustino Chalera, akusankha fodya

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula ndi pemphero 9:20 m'mawa, mochedwa ndi mphindi 20.

2. Mndandanda wa mabuku
Wapampando anati mndandanda wa mabuku 10 oti ophunzira ndi aphunzitsi awo aziwerenga upita kosindikiza Lachisanu. Mabuku 9 a Chingerezi anavomerezedwa kale: 5 a maganizo a opalamula milandu, 4 a matenda a maganizo. Malo a khumi ndi a buku la Chichewa, ndipo akulimbirana awiri: Mtima wa Mbala, la a Malizani, ndi Kukhala ndi Wodwala, la Mayi Kadzakumanja. Tinagwirizana mu Januwale kuti lopambana ndi limene labwerekedwa kwambiri.

A Malizani anayankhula mphindi 17, natchula dipuloma yawo kasanu. Anati, “Mayiwa jakisoni amabaya bwino, koma kubaya si kulemba.” Mayi Kadzakumanja anati, “Aphunzitsi, mbala imene munachezapo nayo ndi iti? Ija inakuberani mbuzi munaithawa.” Wapampando anapempha bata.

Mlembi anawerenga makadi obwerekera: la a Malizani ka 33, la Mayi Kadzakumanja ka 19. A Malizani anawomba m'manja okha.

3. Masamba
Mlembi anapempha kuti masamba awerengedwenso. La Mayi Kadzakumanja lili ndi masamba 88, onse alipo, akuda ndi zala. La a Malizani linali ndi masamba 64, atsala 21. A Malizani anati ophunzira amang'amba kuti akaloweze kunyumba, ndipo ndi chikondi chimenecho.

Mlembi anaonetsa kuti pa ka 33 paja, ka 30 anabwereka ndi abambo anayi, onse osuta, ndipo mwa ka 30 komweko, ka 11 ndi a Kapatamoyo. Atafunsidwa, a Kapatamoyo anatulutsa m'thumba theka la tsamba 47. Anati, “Achimwene, pepani. Pepala lanu ndi lofewa, chingambwe chimapichirika bwino. La amayiwa ndi lokhuthala, limatsamwitsa. Koma ena ndinkayamba ndawerenga.” A Malizani anafunsa kuti angati. Anati awiri.

A Malizani anati namwino wawatuma osutawo. Anabweza mawuwo Wapampando atawapempha katatu.

Chigamulo: malo a khumi apita kwa Kukhala ndi Wodwala. Eni mabuku awiriwo sanavote. Ovomera 2, okana 0. Mlembi sanakweze dzanja.

4. Zina ndi zina
(a) Mlembi anapempha kuti zilembedwe kuti ndi iye anataipa masamba 88 aja, nakonza zolakwa 312. Patsamba la zothokoza pali mayina 14, kuphatikizapo wophika wa kuchipatala, koma lake palibe. Mayi Kadzakumanja anati, “Ndinangoiwala, amayi.” A Malizani anati kuiwala kotereku anakufotokoza m'buku lawo, patsamba 30. Tsamba 30 kulibe.

(b) A Malizani anapempha Mlembi kuti awataipirenso buku lawo papepala lokhuthala, nalonjeza kuti dzina lake lidzakhala patsamba loyamba. Mlembi anavomera. A Kapatamoyo anafunsa kuti, “Nanga likakhuthala, azibwereka ndani?”

5. Msonkhano wotsatira
Loweruka, 11 Meyi 1996, 9:00 m'mawa.

6. Kutseka
Wapampando anatseka ndi pemphero 11:05. Otseka maso anali atatu mwa anayi amene Mlembi anawaona.

Y. Kamtengeni, Wapampando ....................
E. Chimkombero (Mayi), Mlembi ....................