Alamu Anga Agwa M'chikondi ndi Dona Amene Ndinampanga Ndekha

Aphungu,

Kalata iyi ndailemba n'kuing'amba katatu, chifukwa ndikamaiwerenga ndikumayamba kudziseka. Chonde musaseke kwambiri. Madzi afika m'khosi, ndipo ndangotsala ndi masiku asanu ndi anayi.

Ndine wometa, wa zaka 36, wapabanja, ana awiri. Ndikaweruka ndimaimba besi gitala m'bandi yathu ya anthu anayi. Wotsogolera nyimbo ndi mnzanga wa kusukulu, timangomuti Bwana Mawu. Pa kiyibodi pali aphunzitsi a masamu. Pa ng'oma pali alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, amene ntchito yawo ndi yowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Timayeserera nyimbo Lachinayi lililonse masana, m'kachipinda ka kuseri kwa shedi yawo, pakati pa zitsulo, zitini za penti ndi geti la munthu wina limene mwini wake analiiwala.

Chaka chatha tinatsegula tsamba la bandi pa intaneti. Tinkaikapo tizidutswa ta kanema tikuyeserera, zithunzi titavala malaya ofanana, ndi zikwangwani za kumene tikaimbe. Ine ndinafika pomauza kasitomala aliyense kuti alayike tsambalo ndisanamalize kumuwongola m'mbali. Tinayesanso layivi. Aphungu, layivi yathu yoyamba anaonera anthu atatu: mkazi wanga, akazi awo a aphunzitsi, ndi bambo wina amene analemba kuti, "Geti lili kumbuyo kwanulo mukugulitsa?" Patatha miyezi isanu, otitsatira anali 61, ndipo theka lawo anali abale.

Tsiku lina alamu atapita kukaika mawindo kwa kasitomala, atatu otsalafe tinakhala pansi. Bwana Mawu anati, "Akuluakulu, tsamba lopanda makomenti lili ngati babashopu yopanda munthu pampando. Aliyense amangosuzumira n'kupitirira." Ine ndinavomera msanga, chifukwa m'mawa ndimakhazika dala aneba pampando kuti odutsa aziona ngati ndatanganidwa. Tinapangana kuti aliyense atsegule akaunti yabodza, tizidzichemerera tokha mpaka anthu enieni atayamba kubwera. Alamu tinaiwala kuwauza.

Munthu wabodza wa Bwana Mawu sankadziwa mawu ena. Chilichonse tingaike ankangoti "Moto! Moto!", ngakhale tsiku limene tinalengeza kuti shoo yalephereka chifukwa cha mvula. Wa aphunzitsi ankakonza masipelo a anthu m'makomenti, moti ana awo a sukulu anamutulukira sabata isanathe. Ine ndinati ndionetse luso. Ndinajambula duwa lofiira la pampanda wa aneba, n'kulemba dzina lakuti Dona wa Maluwa.

Poti ndimaima pafupi ndi ng'oma, zimene alamu amachita ndimazimva kuposa wina aliyense. Ndiye Dona anayamba kulemba zinthu monga, "Anthu inu mukumva zimene wang'omayo amachita nyimbo ikafika pakati? Amangoti zii kaye, n'kukusiya m'malere, kenako n'kukuwakha usanagwe." Tsiku lina analemba kuti, "Manja amenewo amalimbana ndi chitsulo tsiku lonse, koma ng'oma amachita kuisisita." Anthu enieni anayamba kumuyankha Dona, ena kumutsutsa, ena kumuvomereza, ena mpaka kumufunsira. Alamu anayankha kamodzi kuti, "Zikomo mayi, mwandilimbitsa mtima," ndipo anthu anajambula yankholo n'kulisheya paliponse. Lero otitsatira apitirira 4,000. Lachinayi lililonse layivi imadzaza, funso loyamba n'kukhala lakuti, "Dona walowa?"

Vuto ndi ili. Alamu mkazi wawo anawachokera zaka zitatu zapitazo, ndipo chichokereni anali munthu wongokhala duu, ovololo imodzimodzi Lolemba mpaka Lamlungu. Panopa amabwera kudzameta sabata iliyonse, pamene tsitsi lawo ndi loti mutha kuliwerenga. Amakhala pampando panga, ine makina ali m'manja, n'kumandiwerengera mokweza makomenti a Dona, amene ndinawalemba ndekha ndili pampando womwewo. Tsiku lina anati, "Alamu, mayi ameneyu amandimvetsa. Ine ndimangolira kumbuyo kwanu ngati jenereta, anthu amandikumbuka ndikazima basi." Ndinawacheka khutu pang'ono tsiku limenelo, koyamba chiyambireni ntchito yometa.

Kenako anayamba kulemba ku inibokosi. Ndinkafuna kungokhala chete, koma uthenga woyamba unali wakuti, "Mwadzuka bwanji mayi, pepani ngati ndakusokonezani," ndipo ndinaona kuti kusayankha ndi mwano. Ndinati ndiyankhe kamodzi kokha. Kamodziko kakwanitsa miyezi itatu. Mawu achikondi sindinalembepo, ndikulumbira, koma sindinawakanizenso. Akapempha kuti aimbe foni, Dona amati sipika ya foni yake inafa. Akapempha chithunzi, Dona amatumiza duwa lina. Mpanda wa aneba ndaujambula wonse, maluwa atha.

Ngati zimenezo sizikukwana, mkazi wanga walowererapo. Anati, "Amunanga, achimwene apeza munthu. Ine ndimuyese kaye ngati ali ndi khalidwe." Lamlungu masana tili pa sofa limodzi, iye analembera Dona kuti, "Muli bwanji alamu?" Foni yanga inanjenjemera m'thumba. Analembanso, inanjenjemeranso. Ndinathamangira kubafa, n'kutsegula madzi, n'kuyankha ndili chiimire. Nditatuluka ndinamupeza akumwetulira. Anati, "Ndi waulemu mtsikanayu, ndipo amaganiza ngati inu."

Tsopano Loweruka la sabata yamawa tili ndi shoo yathu yaikulu yoyamba, m'holo yeniyeni, ya mipando ndi makatani. Alamu apeka nyimbo ya Dona. Pa layivi yapitayi, osatifunsa, anatenga foni n'kulengeza kuti adzamuitanira pansanja kuti adzaimvere nyimboyo ali pambali pa ng'oma. Makomenti anagwa ngati matalala. Anthu akugula matikiti kuti adzaone Dona. Dzulo ndinawapeza alamu akupenta kampando kachitsulo kamene awotcherera okha, kokhala ndi duwa kumsana kwake. Anandifunsa ngati kakuoneka kotalika bwino, poti sakudziwa msinkhu wa mayiyo.

Bwana Mawu akuti nditseke pakamwa. Akuti, "Ukaulula, tsamba lifa, bandi itha. Msuweni wanga atha kuvala diresi lofiira n'kukhala Dona kwa ola limodzi, vuto lili pati?" Aphunzitsi akuti Dona alembe kuti wasamukira kutali, kenako azimiririke. Ine ndikuopa kuti alamu akadziwa sadzakhudzanso ng'oma ndipo sadzapondanso pakhomo panga. Za mkazi wanga sindifuna n'komwe kuziganiza. Alamu anga ndimawakonda, Aphungu, ndipo manyazi andigwira. Nditani?

Ine wothedwa nzeru,
L.D.M., wa babashopu ya pafupi ndi pokwerera mabasi


A L.D.M.,

Mwandipempha kuti ndisaseke kwambiri, ndiye ndaseka pang'ono, makamaka pa za kubafa zija. Ndamaliza. Tsopano tikambirane.

Yambani mwachotsa m'mutu nzeru za anzanu awiriwo. Msuweni wa diresi lofiira sadziwa kusiyana kwa ng'oma ndi chidebe. Alamu anu akadzangomufunsa kuti, "Mumakonda pati pa nyimbo ija?", adzayang'ana kudenga, ndipo manyazi amene lero ali a anthu awiri adzachitikira m'holo yodzaza, mafoni onse ali m'mwamba. Alamuwo akadzapanda kumutulukira ndiye zoopsa zenizeni, chifukwa Lolemba adzafuna kudziwa kwawo. Nzeru ya aphunzitsi ikuoneka yaukhondo koma ndi yankhanza. Munthu amene mkazi anamuchokera kale mukufuna athawidwenso, ulendo uno ndi mkazi woti kulibe? Adzatha chaka akudzifunsa kuti analakwa pati, inu mukumumeta n'kumamuuza kuti akazi ndi ovuta.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dona munamubala ndinu, ndiye musayang'ane kumbali. Yambani ndi akazi anu, lero lomwe. Iwo amawadziwa achimwene awo kuposa inu, ndipo akadzamva kwa wina mlandu udzakhala uwiri. Adzakalipa, alekeni akalipe, ndipo musayerekeze kunena kuti munkathandiza bandi. Komanso mawu awo aja akuti Dona amaganiza ngati inu, ine ndikukayika ngati anangowalankhula. Mayi amene wamva foni ikunjenjemera kawiri pa sofa limodzi, mwamuna n'kuthamangira kukasamba masana atasamba kale m'mawa, sakhala wogona. Mwina akungodikira aone ngati anakwatiwa ndi mwamuna kapena ndi duwa.

Kukacha pitani ku shedi, panthawi imene alamu alibe kasitomala ndipo azimitsa makina owotcherera. Musawauze ali pampando wanu mutu mutaumeta theka, chifukwa munthu wotero sangathe kunyamuka n'kuchoka, pamene iwo ali ndi ufulu wokuchokerani. Bwana Mawu musamutenge, adzayamba kuwerengera anthu otsatira. Nenani mwachidule kuti Dona ndinu, munayamba pofuna kudzutsa tsamba, munachita mantha kusiya, ndipo mwalakwa. Apatseni foni aone okha. Akakuthamangitsani, chokani, mubwerenso mawa lake. Akati Loweruka sakaimba, musawanyengerere. Shoo imalephereka n'kukonzedwanso, koma munthu wochititsidwa manyazi pagulu sabwerera msanga.

Za anthu 4,000 aja, Bwana Mawu akunena zoona pang'ono. Ena adzathawadi, makamaka amene anabwera kudzaonera sewero. Koma taonani bwino chimene chinagwira ntchito. "Moto! Moto!" sanakope ngakhale munthu mmodzi. Anthu anakopeka ndi wina amene amamvetsera nyimbo n'kuloza pamene pali pokoma, ndiponso ndi wang'oma amene amayankha komenti ngati akulandira mlendo pakhomo. Zimenezo mutha kuzichita ndi nkhope zanu zenizeni. Tsekani maakaunti abodza onse atatu. Pa layivi, mmodzi wa inu azifotokoza mmene nyimbo inayambira ndi chimene mnzake amachita bwino mmenemo. Afunseni anthu asankhe nyimbo yotsegulira shoo. Amene walemba muyankheni, ngakhale akhale wofunsa za geti. Anthu mazana atatu amene amabwera kuholo ndi miyendo yawo ndiwo bandi imadalira, ndipo amenewo sakhalitsa akaona kuti akupusitsidwa.

Zoti anthu auzidwe bwanji za Dona asankhe alamu anu, pakuti nkhope imene ili pamoto ndi yawo. Koma amene anagula tikiti kuti adzamuone ayenera kumva Loweruka lisanafike kuti sabwera. Ndipo musaganize n'komwe zojambula kupepesa kwanu n'kukuika patsamba. Ndikukudziwani anthu a mabandi, ngakhale maliro mumafuna kamera.

Pomaliza, chenjezo. Mukamapepesa, lilime lidzafuna kuthawira ku mawu akuti, "Zonse zija zinali zocheza chabe, alamu, musaziike kumtima." Mukadzatero mwawapha kawiri. Dzina linali labodza, duwa linali la aneba, koma khutu limene linamva ng'oma zija ndi lanu, ndipo ndikaona makomenti amene mwanditumizira, palibe ngakhale imodzi imene munanama. Mwaima pambali pa munthu ameneyu zaka zonsezi mukudziwa kuti ndi katswiri, ndipo munachita kubisala kuseri kwa mkazi kuti mumuuze. Mukawauzenso zomwezo ndi mawu anu, mukuwayang'ana m'maso. Mwina sakukhululukirani sabata ino, mwina ngakhale chaka chino. Koma asatsale akuganiza kuti munthu yekhayo amene anakonda kaimbidwe kawo kulibe.

Aphungu