Pofi la pa Maliro ku Chamboli

Chamboli, Kitwe
14 Juni 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwendo uja unaleka kutupa. Za imfa ya apongozi anga, bambo a Fidelis, munamva. Zimene simunamve ndi izi.

Chibwerere kuno kuchokera ku Katete, mkuluyo yekha ndiye ankandiyankhula Chinyanja masana. Mwamuna wanga akangotuluka pakhomo amasanduka Mbemba, ndipo ndikamufunsa zimene anthu anena amati, "Uzolowera." Apongozi ndiwo ankandimasulira zonse, ngakhale ulaliki wa kutchalitchi.

Pa tsiku loika maliro, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Bana Cynthia, anandithira ufa kumutu, natchula dzina la malemu, anthu n'kuseka. M'Chibemba chake chonsecho ndinatolamo liwu limodzi lokha: mbewa. Amayi, ndinam'menya pofi pamaso pa abambo mfumu.

Pambuyo pake m'pamene Fidelis anandiuza kuti chimenecho n'chimbuya: Abemba amatiseka ife akum'mawa pa maliro, kutinena kuti timadya mbewa, kuti atichepetsere chisoni, ndipo ndi iwo amene anatiphikira masiku onsewo. "Wandivula pagulu," anatero. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze kale. Anati, "Ngakhale mwana amadziwa."

Kuchokera apo, kumpopi azimayi amakhala chete ndikafika. Ndinapempha mwana wanga Joy kuti andiphunzitse kupepesa m'Chibemba. Ankaseka lilime langa, koma ndinaloweza. Lamulungu lapitali ndinapita kwa Bana Cynthia, ndinagwada pakhonde, n'kunena kuti, "Munjeleleko."

Iwo anati, "Dzuka, Norah, zatha. Koma dzanja lako ndi lolemera."

Ananena m'Chinyanja, Amayi! Chomveka bwino ngati cha kwathu. Akuti anakulira ku Chipata, kumene bambo awo ankagwira ntchito. Zaka zonsezi ndakhala ndikulozaloza ndi chala pogula makala kwa iwo, iwo akungondionerera.

Ndinati, "Bwanji simunandiyankhulepo?"

Anati, "Ukanaphunzira bwanji?"

Iwo andikhululukira. Ine ndikulephera kuwakhululukira.

Mundipatsire moni mlongo wanga Masauso ndi alamu anga, muwauze kuti ndili bwino. Joy akuti "mwapoleni", ndiwo moni wa kuno. Wa kwathu amaudziwa, koma akuti anzake angamuseke. Mukamaimba foni, muziimba m'mawa Fidelis atapita kumgodi, ndipo musamafulumire kudula. Muzingoyankhula, ngakhale za nkhuku.

Ndine mwana wanu,
Norah