Mphindi za Fausta pa Wotchi Yanga

Lolemba, 10 Malichi

Wotchi yochokera kwa mwana wanga yafika pa basi ya ku Songea. Yakuda, yopepuka ngati bisiketi. Mwana wanga Belinda chimvereni kuti bipi yanga yakwera, sakundipatsa mpata. Akuti dokotala ananena mphindi 30 za mafizo tsiku lililonse, ndipo wotchiyi izimuuza pa foni ali ku Dar komweko ngati ndachita kapena ayi. Ndinabereka wapolisi ine.

Mvula chiyambire m'mawa. Njira ya kumsika ndi matope okhaokha, ndiye mafizo akhala a m'nyumba.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndatseka duka, kagolosale kanga, msanga. Theka la ola lathunthu kukwera ndi kutsika sitepe ya pakhomo la kuchipinda, nditagwira felemu kuti ndisagwe. Thukuta mpaka m'maso. Kuyang'ana pa wotchi: mphindi 4. Zinayi basi.

Bambo a Belinda anali pampando ndi wailesi yawo. Akuti mwina ndimapuma m'Chichewa pomwe wotchiyo imamva Chiswahili chokha.

Lachitatu, 12 Malichi

Belinda wandilongosolera. Akuti kanthuka kalibe maso, kamangomvera zinthu ziwiri: mkono ukamagwedezeka ndi mtima ukamagunda. Ndikagwira felemu, mkono uli phee, iko kamayesa ndangoima ndikucheza. Ndiyenera kudina kachithunzi ka munthu wothamanga, kusankha za m'nyumba, kenako mtima ufike ngati wa munthu amene akuthamangira basi. Kupanda apo mphindiyo sikaiwerenga, ngakhale utatopa bwanji.

Ndayesa kuguba pabalaza, manja uku ndi uku ngati msilikali. Mphindi 11. Mawondo akulira.

Chondipweteka n'chakuti pothamangitsa nkhuku yomwe inalowa m'duka, yandipatsa mphindi ziwiri zaulere.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndachita kanthu.

Fausta wa nyumba yoyandikana nafe amasinja chinangwa pakhonde m'mawa uliwonse. Lero ndamuveka wotchi, mongocheza, kuti tione. Munsi m'mwamba, munsi pansi, iye akuimba nyimbo za kwawo ku Lipingo. Pomaliza: mphindi 38! Wotchi yanjenjemera, yaonetsa tinyenyezi.

Posakhalitsa uthenga wa Belinda: timitima tofiira tisanu ndi "Amayi anga ngwazi." Ndimati ndimuuze. Ndiye kunabwera kasitomala wofuna sopo.

Lachisanu, 14 Malichi

41. Fausta yemweyo.

Akuti ndimulembe ntchito, azikhala mtima wanga. Taseka. Koma atamaliza anakhala pansi nthawi yaitali, akupumira m'mwamba, milomo itayera. Akuti ndi ukalamba, chonsecho ine ndimamuposa zaka zisanu. Tamwa tiyi wotchi ili pamkono pake, ndaitenga masana.

Loweruka, 15 Malichi

Ndikusesa m'duka, foni. Belinda. Akuti amaona zadzulo, ndipo wotchi inachenjeza kawiri kuti mtima ukugunda ka 138 munthu atakhala pansi, kupitirira mphindi khumi. Amafunsa ngati ndikumva chizungulire, ngati bambo ake ali pafupi. Anali atayamba kale kufunsa za basi yobwera kuno.

Ndinaima ndi tsache m'manja. Manyazi ake! Ndinamuuza zonse, za mtondo, za Fausta, za tiyi.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Amayi, za bodzalo tikambirana tsiku lina. Wodwala ndi anti Fausta. Wotchi si dokotala, koma apite akawaone."

Ndinapita kwa Fausta osatseka n'komwe duka. Fausta anayamba ndi kuseka, akuti kawotchi ka ku Dar kadziwa chiyani za mtima wa munthu wa kunyanja. Nditamuonetsa nambala ija anasiya. Akuti chiyambire Khirisimasi m'chifuwa mumachita ngati muli mbalame, ndipo akakwera kaphiri kopita kutchalitchi amaona mdima. Amuna ake a Nikolaus sanawauze, akuti ali ndi zawo kale, injini ya boti ikuvuta.

Tagwirizana zopita kuchipatala Lolemba. Ndamulanda munsi, uli kuseri kwa chitseko changa.

Lamulungu, 16 Malichi

Kwaya yaimba bwino, akutero anthu. Ine maso anali pa Fausta basi. Wotchi: mphindi 3, ndipo sindikudziwa zachokera kuti.

Lolemba, 17 Malichi

Pa bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, mpaka kuchipatala, a Nikolaus kutsogolo ndi dalaivala. Fausta anawauza dzulo potuluka m'tchalitchi.

Mzere wautali, kuyeza magazi, kudikiranso. Zotsatira: magazi ndi ochepa kwambiri m'thupi, n'chifukwa chake mtima ukuthamanga kuti ukwanitse ntchito. Dokotala akuti akanapitiriza choncho, tsiku lina akanagwa ndi munsi m'manja. Amupatsa mankhwala, amuuza zoti azidya, kusinja ayi, ndipo abwerenso pakatha masabata awiri kuti afufuze chimene chikutha magaziwo.

Nesi anafunsa kuti tinadziwa bwanji. Fausta anandiloza: "Ulesi wa mchemwali uyu."

Nesiyo anaseka, kenako anandigwira mkono n'kundiyeza nanenso. Bipi ili pomwe inali mwezi watha. Sanandikalipire, anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Bola akanakalipa.

A Nikolaus pobwerera anagula chiwindi cha ng'ombe ndi mulu wa bonongwe waukulu ngati akudyetsa ukwati.

Lachiwiri, 18 Malichi

Belinda akuti wotchi ikhale kaye kwa Fausta mpaka tsiku lobwerera kuchipatala, azilemba nambala za mtima m'kope m'mawa ndi masana. Za ine akuti sakufunanso kumva kwa wotchi, azindifunsa yekha. "Mukandinamizanso ndidziwa, mawu anu amakwera."

Mkono ukumveka wopanda kanthu.

Lachitatu, 19 Malichi

Mvula yabwereranso. Cha m'ma 10 Fausta watulukira atafunda chitenje kumutu, akuti kukhala osagwira ntchito kukumudwalitsa kuposa matendawo, ndiye wabwera kudzandiyang'anira. Walamula bambo a Belinda kuti atulutse tebulo pabalaza. Atulutsadi, anthu oti ine ndikawapempha amati msana.

Wakhala pampando, wayamba kuomba m'manja nyimbo ya chioda. Ine pakati. Poyamba manyazi, kenako chiuno chakumbukira chokha. Nyimbo yachiwiri, yachitatu, mpango wagwa, thukuta chuchuchu. Bambo a Belinda azimitsa wailesi, akumenya chigubu cha madzi ngati ng'oma.

Ndili wefuwefu ndafunsa kuti zakwana mphindi zingati. Fausta wayang'ana pamkono pake.

"Iyi ikunena za ine, 96. Za iwe sikudziwa. Vina."

Wayambitsa ina.