Chimutu Akadali pa Netiweki

9 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kutupa. Ine ndili bwino, ngati kudzuka n'kupita kuntchito ndiko kukhala bwino. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve mpaka kumapeto.

Chimwalirireni mlongo wanga Chimutu, ntchito yake yonse pakampani pano inagwera ine. Mpando wake wokha ndi umene sanandipatse, poti ndilibe digiri. Za digirizo tisayambe. Munasankha nokha woti apitirize sukulu, ine wamkazi n'kubwerako ku yunivesite ndi chikwama changa. Choncho ndimaswera m'kachipinda kozizira ka marauta, momwe mawaya onse a intaneti amakumana. Jekete la Chimutu likadali pamsomali kuseri kwa chitseko. Palibe amene walimba mtima kulichotsa.

Mwezi watha kunabwera bwana watsopano wa nsapato zosongoka. Anayang'ana makina aja n'kunena kuti ndi ng'ombe zongodya osakamidwa. Akuti intaneti yathu imatsala yambiri, ndiye tiziigulitsa kwa amasitolo a mumsewu muno, ndipo aliyense woigwiritsa ntchito mwaulere ndimudule pofika Lachisanu. Nzeru yake si yoipa, ngakhale zimenezo sindingamuuze.

Mwana wanu anali ndi chizolowezi chake. Foni iliyonse imene wailola kulowa pa netiweki ankailemba dzina lachipongwe la mwini wake: Kamimba, Wamiseche, Tulo. Yanga anailemba Lumo, chifukwa cha pakamwa pangapa. Yake anailemba Chimutu, monga tinkamutchulira kunyumba. Nditayamba kudula aulere aja, ndinaona dzina lake pa kompyuta, kadontho kobiriwira kakuyaka pambali pake. Kadontho kameneko kamatanthauza kuti foniyo ili pafupi, ndipo yayatsidwa.

Amayi, foni ija tinaifunafuna kuchipatala mpaka tinati inabedwa. Ndinatuluka thukuta m'chipinda chozizira. Mawa lake kadontho kanayakanso, m'mawa nthawi imene iye ankalowa, n'kuzima madzulo nthawi imene ankaweruka. Masiku angapo ndinkangokayang'ana, makina akulira chapansipansi ngati munthu wopuma m'tulo, jekete lili kumbuyo kwanga. Tsiku lina ndinadzimva ndikupereka moni. Ine amene sindinagwetse msozi pamaliro, anthu n'kumandinena.

Lachitatu mantha anasanduka ukali. Ndinati wakuba ameneyu andidziwa lero. Ndinaona kuti foniyo ikukoka intaneti pa rauta, kabokosi kogawa intaneti, ya pawindo loyang'ana kumsewu, imene Chimutu anaikhomera pamalo opanda nzeru, ine n'kumamunyoza nazo kuti digiri yake inali yogula. Ndinaima pawindopo. Rautayo inali italoza kakhonde ka telala, tsidya lina la msewu.

Ndinawoloka nditanola kale mawu. Ndinapeza mtsikana akupalasa makina osokera, foni ili pambali pake, m'chivundikiro chofiira chimene ndinagula ndine. Ndisanatsegule pakamwa, anaimitsa makina n'kundiyang'anitsitsa.

"Ndinu a Lumo," anatero. "Ankanena kuti tsiku lina mudzabwera mukutukwana. Khalani pansi, alamu."

Anandiuza kuti Chimutu anamupatsa foniyo ali kuchipatala, kuti makasitomala azimutumizirapo zithunzi za zovala zofuna kusoketsa. Kumaliro akuti anabwera, koma anakhala kumbuyo, posadziwa kuti akafunsidwa anena kuti ndi ndani. Ndinkati ndimufunse umboni woti analidi wa Chimutu. Kenako pansi pa tebulo panatuluka kamwana kokwawa, tepi yoyezera ili m'kamwa. Amayi, mutu umenewo sufuna umboni. Ndi makutu omwe.

Ndinangoti, "Mwanayu akudya tepi."

Lachisanu bwana anafunsa ngati aulere onse ndawadula. Ndinayankha kuti watsala mmodzi, ndipo ameneyo adzadulidwa tsiku limene ndidzachoke ine pakampani pano. Anati tikambirana Lolemba. Akandichotsa, si koyamba kuti nditaye changa chifukwa cha mwana wanu ameneyu.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani. Mafunso a ukwati ndi a kutchalitchi muwasiye kunyumba, mtsikanayo wavutika kale yekha. Ngati munasunga kachipewa kaja munalukira Chimutu ali khanda, mubwere nako, chifukwa zogula m'sitolo sizikumulowa mwanayu.

Moni kwa azakhali ndi onse apakhomo. Telala akupereka moni mwamantha. Mdzukulu wanu sanayambe kuyankhula, ndiye moni wake ndikupereka ndine. Pamene ndikulemba pano kadontho kaja kakuyaka. Ndikudziwa tsopano amene wagwira foniyo, komabe m'mawa uno mlongo wanga ndamupatsa moni.

Ndine mwana wanu,
Lumo