A Jeke Atisiya, Koma Wina Akuwadikirabe Pamsewu

Kuchokera ku Bungwe la Eni ndi Oyendetsa Magalimoto Akuluakulu Onyamula Katundu, kupita kwa mayi a pakhomo la malemu, ana awo ndi abale onse, mamembala a bungwe, ndi aliyense amene uthengawu umupeze.

Bungwe lathu likulengeza, mitima ili yosweka ndipo mitu isanakhazikike, za imfa ya mkulu wa ofesi yathu yothandiza mamembala, bambo amene madalaivala onse ankawadziwa ndi dzina loti a Jeke, chifukwa galimoto ikagwa ndiwo ankaidzutsa. Anatisiya Lachiwiri dzuwa lisanafike paliwombo, atagwa pakhomo penipeni pa ofesi yathu katoni ili m'manja, ndipo ngakhale alonda anathamangira nawo kuchipatala, madokotala anati mtima unali utaima kale. Sanadwale, sanadandaule, sanatsanzike. M'mawa womwewo anali atandikalipira ine chifukwa choimika galimoto yanga pamalo otembenukira mathiraki, ndipo mpaka lero sindikumvetsa kuti munthu wokalipa bwino chotero angakhale bwanji malemu pofika masana.

Komiti inandipatsa masamba awiri a mawu okongola oti ndiike muno. Ndawawerenga, ndi abwino ndithu, koma ine ndalera ana anayi ndi mathiraki awiri, ndipo onsewa andiphunzitsa kuti mawu akachuluka, chofunikacho chimasowa. Ndinena zimene malemu anachita, kenaka ndinena vuto limene atisiyira, pakuti vutolo silingadikire kuti maliro athe.

A Jeke anayendetsa thiraki zaka khumi ndi zisanu asanalowe mu ofesi, ndipo mu ofesimo anatumikiramo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndiwo anatsogolera nkhondo yathu yoti m'misewu italiitali mukhale malo opumulira okhala ndi madzi ndi zimbudzi, ndipo anakhala pamabenchi a maofesi oyang'anira misewu mpaka alembi a kumeneko anayamba kuwasungira kapu yawoyawo ya tiyi. Ndiwo anaumirira kuti thiraki ikayezedwa pasikelo, dalaivala azipatsidwa kapepala kosonyeza kulemera kwake, kuti zongouzana pakamwa zithe. Ndiwo anayambitsa maphunziro a Loweruka a katsikidwe ka mitsetse ndi katundu wolemera, kumene ankauza ophunzira kuti mabuleki ali ngati apongozi, uziwagwira mwaulemu, ukawaumiriza amapsa mtima. Analimbananso ndi ife eni magalimoto kuti tisamatumize dalaivala paulendo wina asanagone mokwanira. Ena a ife tinawakwiyira miyezi yathunthu, kenaka tinaona kuti maliro achepa, tinasiya kudandaula.

Koma madalaivala sadzawakumbukira ndi misonkhano. Adzawakumbukira ndi foni ija yakuda, yosweka pangodya, yomangidwa ndi mphira. Galimoto ikamufera munthu pamsewu, ankaimba nambala imeneyo, ndipo yankho linali limodzi zaka zonsezi: "Usachoke pagalimoto, mwana wanga. Khala pomwepo, ndikutumizira." Aliyense wa ntchito yathu akudziwa chifukwa chake. Thiraki yosiyidwa yokha umakaipeza ili mafupa okhaokha, matayala palibe, mabatire palibe, katundu wa eni ake wapita. Tsono a Jeke ankagula chitsulo chofunikacho, n'kupeza thiraki ina yolowera komweko, n'kupatsira. Sanaphonyepo ngakhale kamodzi, ndipo pachifukwa chimenechi munthu akauzidwa kuti khala, ankakhaladi.

Apa ndiye pagona vuto lathu.

M'katoni imene anagwa nayo ija muli pampu yatsopano ya madzi a injini. Pamwamba pake analembapo ndi dzanja lawo mawu atatu okha: "Wa Mutu Wobiriwira." Kwa amene simuli a ntchito yathu, mutu ndi mbali yakutsogolo ya thiraki, mokhala dalaivala. Palibe dzina, palibe nambala ya galimoto, palibe msewu. Tonse tinkadziwa kuti a Jeke salemba anthu ndi mayina awo. Ankalemba munthu ndi vuto limene anakumana naye nalo koyamba, kapena ndi maonekedwe a galimoto yake. M'foni yakuda ija muli Wa Giyabokosi, muli Wa Giyabokosi Wamng'ono, muli Mlamu wa Tayala Lophulika, muli Uja Analira. Ine ndadzipezamo ndili Mayi Wokangana. Tinkaseka nazo zimenezi. Mlembi wa bungwe anawapempha kangapo kuti azilemba maulendo a chithandizo m'buku la ofesi, iwo n'kumangogogoda pamphumi ndi chala, amvekere, "Buku ndi ili." Bukulo tikukaliika m'manda Lamlungu.

Wa Mutu Wobiriwira m'fonimo mulibe. Chimene tapeza ndi nambala yachilendo imene inaimba Lolemba masana n'kulankhula mphindi zinayi. Ndinaiimba ndekha, mlembi ali pambali ndi cholembera. Anayankha mayi wina wogulitsa nsalu.

"Ee, ndinabwereketsadi foni kwa bambo wina," anatero. "Basi yathu inaima kuti anthu adzithandize, iwo anabwera manja ali bii ndi mafuta, akuti yawo yatha moto."

"Panali pati, mayi?"

"Pamsewu."

"Msewu wake uti?"

"Iii, amayi, ine tsiku limenelo ndinakwera mabasi atatu, ndipo ndimawodzera. Panali mlatho. Kaya mlathowo tinali titaudutsa kale. Koma mtengo unalipo, waukulu."

"Thirakiyo inanyamula chiyani?"

"Inali yofunditsidwa. Kodi alakwa chiyani bambowo? Anali aulemutu, anandipatsa ndi malalanje awiri."

Mlembi analemba mawu atatu, mlatho, mtengo, malalanje, n'kuika cholembera pansi.

Tinapita kusitolo kumene pampuyo inagulidwa. Wogulitsa anati a Jeke anangolowa n'kunena kuti pali mwana wawo wina wavutika pamsewu. Dalaivala aliyense, ngakhale wa imvi, anali mwana wawo. Tinaitana makaniko wathu wamkulu kuti aione pampuyo, mwina ingatiuze mtundu wa galimoto. Anaitembenuzatembenuza, n'kunena kuti imalowa mumitundu itatu ya injini, ndiye kuti theka la mathiraki onse oyenda pamsewu. M'kaundula wa bungwe muli mathiraki makumi anayi ndi imodzi a mutu wobiriwira. Talankhula ndi eni a makumi atatu ndi atatu, onse ali bwino. Asanu ndi atatu sakupezeka, ndipo ambiri a iwo ndi anthu a thiraki imodzi, oyendetsa okha, amene kunyumba kwawo sadabwa akatha milungu iwiri osamveka. Pamene timaganiza kuti tayandikira, mwana wamkazi wamkulu wa malemu anatibweza m'mbuyo.

"Adadi ankalemba munthu mmene anamuonera tsiku loyamba," anatero. "Mwina mutuwo unali wobiriwira zaka khumi zapitazo. Pano ungakhale woyera."

Komanso a Jeke sankafunsa khadi la umembala munthu akavutika, tsono mwina m'kaundula mwathumo mulibemo n'komwe.

Ndinene zoona, sitikudziwa chimene tikudziwa. Mwina munthuyu anathandizidwa kale ndi odutsa, ali kwawo akusamba. Mwina anabwerekanso foni n'kuimba, koma foni yakuda ija inali yozima kuyambira Lachiwiri mpaka dzulo Lachinayi, ili m'jumbo ya zovala za malemu, ndipo palibe wa ife anaikumbukira. Cholakwa chimenecho ndi chathu, ine woyamba. Ndipo mwina, chimene chikundisowetsa mtendere, wangokhala pansi pa mtengo uja tsiku lachisanu lino, madzi akutha m'chigubu, akuyang'ana thiraki iliyonse yobwera, chifukwa anauzidwa kuti akhale ndi munthu amene sananamepo.

Dzulo masana komiti inapita kunyumba ya malemu kukapepesa ndi kukapereka ganizo la madalaivala. Madalaivalawo anafuna kuti Lamlungu mathiraki onse amene angathe afole mzere kuchokera kunyumba mpaka kumanda, magetsi ali oyaka, mahutala akulira, kuti dera lonse lidziwe kuti wagona ndani. Wachiwiri wanga anafotokoza bwino, ndi manja omwe. Mayi a pakhomopo anamvetsera mpaka kumapeto, foni yakuda ili pamiyendo pawo, italumikizidwa kumoto ndi chingwe chachitali chochokera kuchipinda.

"Foni iyi," anatero, "zaka zonsezi ndakhala nayo ngati mkazi mnzanga. Ikalira, chakudya chimazizira patebulo. Tsiku la ukwati wa mwana wathuyu bambo ake anatuluka kawiri kukayankha. Ndinkati tsiku lina ndidzaiponya m'chitsime."

Palibe anaseka, ngakhale mayiwo ankafuna kuti tiseke.

"Chiiyatsireni yalira kasanu ndi kamodzi. Ndikuyankha ndine. Ena akangomva mawu anga akudula. Wina wandiuza za kulachi ya galimoto yake mpaka kumaliza, kenaka ndi pamene wafunsa kuti kodi a Jeke apita kuti. Koma wa mutu wobiriwirayo sanaimbe." Anatembenukira kwa wachiwiri wanga. "Achimwene, mathiraki amenewo ndi angati?"

"Atha kukwana makumi asanu ndi limodzi, mayi."

"Ndiye makumi asanu ndi limodzi onsewo abwere kudzaliza mahutala kwa munthu amene sakumva, pamene wakumvayo ali patchire? Bambo a kunowa tiwanyamula tokha, sali olemera. Mathirakiwo apite kumsewu."

Wachiwiri wanga anayesa kunena za ulemu woyenera munthu wamkulu chotero. Mayiwo anamuyang'ana mmene mayi amayang'anira mwana wobwera ndi matope m'nyumba yokolopa, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Choncho bungwe likulengeza kuti Lamlungu sikukhala mzere wa mathiraki. Amene muli pafupi, bwerani wapansi, mudzakhale ndi banjali. Amene muli pamsewu, kapena mukunyamuka lero ndi mawa, kaya ndinu membala kaya ayi, tikukupemphani chinthu chimodzi. Thiraki iliyonse imene muipeze yaima pambali, imani, mutsike, mufunse. Musayang'ane mtundu wa mutu. Nyamulani chigubu cha madzi chapadera ndi kachakudya. Foni yakuda ikhala yoyaka m'manja mwa mayi a pakhomopo mpaka munthuyu apezeke, pakuti akana kuipereka ku ofesi, ndipo ife sitinalimbe mtima kuwaumiriza. Pampu ili patebulo langa, ndipo inyamuka ola lomwelo limene timve kumene ikupita.

Kwa inu mayi, kwa ana ndi zidzukulu, kwa abale onse a malemu, m'malo mwa komiti, eni magalimoto, madalaivala, amakaniko ndi onse odya za pamsewu, ndikuti pepani, pepani kwambiri. Munatibwereka bambo wanu zaka zambiri, ife tinawagwiritsa ntchito osawapumitsa, ndipo takubwezerani jumbo ya zovala. Mawu okwanira kulipira zimenezi ine ndilibe, ndipo sindiyerekeza. Mulungu akupatseni mphamvu za tsiku lililonse palokha, akugoneni tulo, ndipo akuchirikizeni pamene anthu onse odzaza pakhomopo adzakhale atabalalika.

Ndipo iwe amene udzamupeze munthu uja, usathamangire kumuuza za maliro. Yamba wamupatsa madzi amwe, akhale pansi. Akakufunsa chifukwa chake a Jeke achedwa chotere, umuuze kuti sanamuiwale. Anagwa akubwera.

Wapampando,
m'malo mwa mamembala onse a bungwe.