Abambo Ankanena Zoona za ku Zanzibar

Amayi, kodi kumeneko mukupezako bwanji? Kuno ku Barking, kudziko la azungu, kukuzizira, mawondo andiyambanso. Mdzukulu wanu Chisomo wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Kumudzi achimwene akuti chimanga chachita bwino, koma ine ndikuopa anankafumbwe. Khalani pansi kaye, Amayi.

Mukukumbuka nkhani ya abambo ija? Yoti atangokukwatirani anakagwira ntchito yotchetcha udzu ku Zanzibar, pamalo pomwe Aamereka ankalankhula ndi munthu wozungulira dziko m'chombo cha m'mlengalenga? Inu munkati, "Bodza la abambo ako limavala nsapato," ndipo munamwalira mukukhulupirira kuti zaka zimenezo anali kwa mkazi wina. Mudzi wonse unawatcha Aroketi. Inenso ndinkaseka nawo, mpaka ndinauza ana anga kuti agogo mutu sukuyenda.

Lachiwiri kuntchito ananditumiza kukasamalira nkhalamba ina ya ku Zanzibar yokhala konkuno, a Salimu. Ndikupukuta fumbi ndinaona chithunzi pakhoma: zitsulo zopotana ngati masipuling'i zitaloza kumwamba, kumbuyo mitengo ya kokonati, kutsogolo antchito atandanda. Wachitatu kumanzere, chikwakwa paphewa, khutu lodukira nsonga lija. Amayi, ndi abambo! Ndinangokhala pansi pa kapeti.

A Salimu akuti iwo ankakonza jenereta pamalopo. Akuti chombo chikamadutsa, mawu a munthuyo ankamveka mphindi zochepa chabe, kenako zii, mpaka siteshoni ya dziko lina imulandire. Ndendende mmene abambo ankanenera, ife tikutsinana! Boma litasintha malowo anatsekedwa, aliyense anangobalalika. "Mnyasa uyu ankaimba potchetcha, ankatisokosa," anatero akuseka.

Mantha anandigwira. Chifuwa cha abambo chija mukuchidziwa. Bwanji atatisiya ndisanapepese? Ndinathamanga kukagula khadi la foni, ndinaimbira achimwene kuti awapatsire foni abambo. Ndinachita kukuwa, poti makutu anatha: "Ababa, ndakuonani pachithunzi! Munkanena zoona! Ndikhululukireni!"

Abambo anangoti, "Nanga amayi ako wawauza?"

Ndiye ndakuuzanitu, Amayi. Chithunzicho ndachijambulitsa. Sinditumiza pa positi, chingatayike. Ndibwera nacho ndekha, ndidzawagwira dzanja abambo mpaka pamanda panu, adzafotokoze zonse kuyambira pachiyambi. Ulendo uno musadzaseke, chonde.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati